Mutu 6: Kachule ka M'chitini

1. Dothi la pachulu

Chaka chimenecho makuponi a feteleza anafika ochepa m'mudzi mwa Ezelina, kufupi ndi Mtunthama. Bambo ake, a Mphepo, anagawana kuponi imodzi ndi banja loyandikana nalo. Tangoganizani, theka la thumba pa munda wonse uja wa chimanga! Ngakhale atathira ndi kachitsekerero ka botolo, feteleza akanatha asanafike pakati pa munda.

A Mphepo sanali munthu wokhalira kudandaula. Anatumiza akazi awo kukaima pamzere kudepoti, kumene anthu ankatha masiku atatu asanalione thumba. Iwo anatsala kuti aziyang'anira nazale ya fodya kudambo, pamodzi ndi a Chikhumbo, tenanti wawo wochokera ku Phalombe.

"Pamene feteleza athere, dothi la pachulu liyambire pomwepo," anatero a Mphepo m'mawa wina. "Ezelina, lero ndi Loweruka, kulibe sukulu. Tenga khasu ukayambe kugumula chulu chija chili pafupi ndi nthochi kudambo."

Ezelina anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali mu Sitandade 8. Mwanayu, abale, ankadzidalira. Akanena kuti chinthu achita, ndiye kuti achitadi. Kusukulu kwawo anali mlembi wa kalabu ya zachilengedwe, ndipo Lolemba lililonse mamembala ankabwera ndi chinthu choti anzawo aone. Ena ankabwera ndi nthenga, ena chigoba cha nkhono. Ezelina zimenezo ankaziona zachibwana. Iye ankafuna kubwera ndi chinthu choti anthu akachisimbe mpaka tsiku lotsekera.

Anakumba kwa ola lathunthu, thukuta lili kamukamu. Kenako khasu linalowa pamphako, chibuma chachikulu n'kugwa. M'kati munali kanthu kena kakuda bii, konyezimira ngati kapakidwa mafuta. Kanali kachule, kali ndi mizere iwiri yofiira kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo. Kamutu kake kanali kakang'ono. Sikanadumphe ngati achule ena, koma kanatuluka kakuyenda pang'onopang'ono ngati mwana wokwawa.

"Eee! Chimene ndimafuna chija n'chimenechi!" anakuwa Ezelina, uku akutambasula dzanja.

2. Chenjezo la a Benjamin

"Chotsa dzanja, mwanawe!"

Amene anakuwayo anali a Benjamin, mkulu wokhoma makheni othirira. Anali atakhala patsinde pa mtengo wa mango chapafupi, akumata kheni lodontha. Mkuluyu anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire ku Lifupa zaka makumi awiri asanapume, ndipo za m'tchire ankazidziwa ngati za m'nyumba mwake.

"Agogo, si chule basi?" anafunsa Ezelina.

"Khala pansi ndikuuze," anatero a Benjamin. "Anthu amati chule ndi chule. Bodza limenelo. Aliyense ali ndi kwawo, ndipo thupi lake limagwirizana ndi kwawoko. Uja umamuona m'chitsime chathu, wophwatalala, zala zakumiyendo zolumikizana ngati za bakha, ameneyo kwawo ndi m'madzi. Ukamutulutsa amangokhwekhwereza mimba ngati woledzera. Finye ndiye ayi. Finye kusambira sadziwa n'komwe, ukamuponya m'chitsime wamupha. Iye amakumba ndi miyendo yakumbuyo, kulowa pansi chafutambuyo, n'kukaikira mazira komweko. Ana ake amatuluka ali kale tiafinye, osayamba akhala mbululu za m'madzi.

"Ku Lifupa ndinkaona wina wokhala mumtengo. Dzuwa likaswa mtengo amasanduka woyera kuti mbee, kuti asapse. Mvula ikagwa amamanga chisa cha thovu panthambi yolendewera pamadzi, ndiye mbululu zikaswa zimangogwera m'madzimo. Palinso chimchule chachikulu ngati mbale, chimene chimadzikwirira m'matope chilimwe chonse, chitadzikuta ndi khungu lake lakale kuti chisaume. Chimenecho chikamalondera ana ake chimaluma ngakhale munthu. Chala changa ichi chinalawako."

"Nanga akaka?" anafunsa Ezelina, maso ali pa kachule kaja.

"Akaka kwawo ndi m'chulu, m'mphako za mitengo ndi pakati pa makungwa a nthochi. Kamadya chiswe ndi nyerere, n'chifukwa chake kamutu n'kakang'ono, kolowa paliponse. Chilimwe chino kabisala m'chulu chifukwa m'katimo mumazizira ndiponso muli chinyontho. Tsono tamvera bwino. Waona kuti sikakukuthawa? Sikaopa munthu. Mizere yofiirayo si yodzikongoletsera, kakukuuza kuti ukasiye. Ukakafinya kamadzitukumula n'kutulutsa timadzi toyera tomata pakhungu pake. Timadzi timeneto tikalowa pabala, ngakhale kabala kodzicheka ndi udzu, dzanja limayaka moto, limatupa, mutu umawawa, mtima umathamanga, mseru ndiye osanena. Mnzanga wina kuntchito anakagwira ali ndi ming'alu m'manja, tinamumva akulira ngati mwana, bambo wandevu zake. Chithandizo choyamba ndi madzi ambiri ndi sopo, kenako kuchipatala. Osatema, osamanga, osayamwa.

"Ngakhale achule okhakhala amene amabwera pakhomo aja ali ndi mkaka wawo kuseri kwa maso. Galu akaluma mmodzi amachita thovu kukamwa. Koma palibe chule amene amasaka munthu, timawaputa ndife. Kabwezere m'chulu, uzikumba mbali ina. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Kumva anamvadi, koma maso ake sanachoke pa mizere yofiira ija. A Benjamin anamangirira makheni awo panjinga n'kuuyamba ulendo wa kumsika ku Mtunthama, makheni akungoti khochokhocho kumbuyo.

3. Chitini

A Benjamin atangokhota, Ezelina anathamangira kumsasa wa panazale n'kukatenga chitini chakale cha majarini. Chenjezo lija analitsata mbali imodzi yokha: sanakagwire ndi manja. Anakakankhira m'chitini ndi tsamba la nthochi, n'kuikamo dothi lonyowa ndi chiswe pang'ono kuti kasafe ndi njala.

Chivindikiro panalibe. Anang'amba kansonga ka chitenje chake chofiira, n'kuphimba pakamwa pa chitini, n'kumanga ndi luzi kuzungulira katatu. Kenako anafunafuna malo ozizira oti kachuleko kafike Lolemba kali moyo. Anachibisa pansi pa mulu wa udzu wophimbira mabedi, kumapeto kwa nazale. Mabedi a mbali imeneyo ankathirira ndi a Chikhumbo.

Tsono inu amene munakulira kumudzi, tandiuzani. Chitini chomangidwa ndi nsalu yofiira, luzi lozungulira katatu, m'kati muli chule wakuda, chitabisidwa m'mbali mwa nazale ya munthu. Inu mungachitchule chiyani? Ezelina, ndi nzeru zake zonse za m'kalasi zija, zimenezo sanaziganizireko. Iye ankangoona nkhope za anzake Lolemba.

4. Dzanja la a Mphepo

Dzuwa litapendeka, onse anatsikira kudambo kukathirira. Panali a Mphepo, a Chikhumbo ndi akazi awo a Fainala, komanso a Elube, mlongo wawo wa a Mphepo. Azakhali a Elube amenewa ankayankhula ngati anameza wailesi, ndipo nkhani iliyonse ankaiweruza isanathe kukambidwa. Ezelina anali pachitsime, akudzaza makheni.

Chimphepo chinali chitavundukula bedi lina, mbande zili pamtetete. A Mphepo anapita kukatapa udzu pamulu paja, ndipo dzanja lawo linagunda chitini.

"Ichi n'chiyani?"

A Elube atangoona nsalu yofiira anataya kheni. "Mayo ine! Achimwene, musamasule! Amenewo ndi mankhwala!"

"Ine zopusazi sindiopa," anatero a Mphepo. Anadula luzi lija ndi mano, n'kukhuthulira za m'chitini padzanja. Kachule kaja kanafuna kutsika, koma iwo anakafumbata zolimba n'kukakweza m'mwamba kuti onse aone. "Waika ichi m'nazale mwanga ndani?"

Sabata yonseyo a Mphepo ankamweta tsekera wofolerera chigafa choumitsiramo fodya. Zala zawo zinali zochekekachekeka.

"Ababa, katayeni!" anakuwa Ezelina ali pachitsime. "Katayeni msanga!"

Anakatayadi pa udzu, koma kanali katawasiyira kale timadzi tomata m'manja. Sipanapite nthawi, a Mphepo anayamba kukupiza dzanja. Kenako anakhala pansi, nkhope itakwinyika.

"Dzanja likuyaka," anatero. "Abale, likuyaka ngati ndagwira khala."

"Ndinanena ine!" anakuwa a Elube. "Bweretsani lezala titeme mphini kuti choipacho chituluke. Wina andipatse luzi timange pamkono chisakwere kumtima!"

Ezelina anafika ndi makheni awiri odzaza n'kuima pakati pa azakhali ake ndi bambo ake. "Osatema, azakhali, ndiponso osamanga. Mukatema mukhala mwatsegulira poizoni njira. Ababa, tambasulani dzanja."

Anayankhula molimba moti a Elube anabwerera m'mbuyo. Ezelina anatenga sopo wa kumsasa n'kusambitsa dzanjalo, kheni limodzi, lachiwiri, lachitatu. Komabe zala zinayamba kutupa, ndipo a Mphepo anati mutu ukuwawa ndipo mtima ukugunda ngati athamanga.

5. Mlandu ugwera tenanti

A Elube atalephera pa lezala anatembenukira kwa a Chikhumbo.

"Mabedi awa amathirira ndani?" anafunsa. "Tonse tikudziwa. Nanga dzana lija chimanga cha phoso chimene timawapatsa kuti azidya chitachedwa, munthuyu ananena chiyani? Sananene kuti Mulungu akuona? Tsono lero taona tonse. Amafuna mbande zipserere, kapena mwini wake apuwale dzanja. Achimwene, ndinakuuzani kale kuti anthu akutali awa simudziwa zimene amabwera nazo m'zikwama."

A Chikhumbo anavula chipewa. Anali munthu wochepa thupi, wosayankhulayankhula. "Bwana, ndikulumbira pa ana anga, chitinicho sindikuchidziwa. Mbande izi ndafesa ndine, ndathirira ndine m'mawa ndi madzulo. Ndiziphe bwanji, pomwe ndikudikira kudyera momwemo?"

Koma munthu akamva ululu makutu amatsekeka. A Mphepo anayang'ana dzanja lawo, zala zitafufuma ngati nthochi zakupsa, n'kuyang'ananso tenanti wawo.

"A Chikhumbo, zaka zitatu ndakusungani pakhomo panga. Malipiro ake ndi amenewa? Kamangeni katundu wanu. Dzuwa lamawa lisakupezeni pano."

Mawu amenewa anali olemera kuposa mmene mungaganizire. Tenanti akathamangitsidwa fodya asanawokeredwe, ndiye kuti thukuta lonse la nazale lapita pachabe. Ndipo ndi mbiri ya ufiti, palibe mlimi wina wa m'deralo amene akanawalandira. A Chikhumbo anali ndi ana awiri aang'ono, a Fainala anali oyembekezera, ndipo ku Phalombe si koyenda pansi.

A Fainala anatula kheni pansi bwinobwino n'kuuyamba wa kukanyumba kawo. Amuna awo anawatsata, chipewa chili m'manja.

Ndikanakonda kukuuzani kuti Ezelina anayankhula pomwepo. Ayi, sanatero, ndipo zimenezi zimandipweteka kuzinena. Anali chiweramire, akupendeketsa kheni limene linali litatha kale madzi.

6. Mawu a azakhali

Anawaperekeza a Mphepo kunyumba n'kuwakhazika pakhonde, dzanja lili m'beseni la madzi. Pakhondepo pankaoneka bwino kanyumba ka matenanti. A Fainala ankatulutsa mapoto ndi mbale n'kumazimanga m'chitenje. Kamwana kawo kakakazi kanali katakumbatira nkhuku, kakufunsa ngati nayonso ipita nawo.

Ezelina anayang'ana zimenezo kwa kanthawi. Kenako anapita n'kukagwada pamaso pa bambo ake.

"Ababa, ndili ndi mawu."

A Elube anamugwira pamkono n'kumukokera kuseri kwa nkhokwe. Ulendo uno sanakuwe. Anayankhula motsitsa, ndipo zinali zoopsa kuposa kukuwa kuja.

"Iwe, tamvera. Ndakuona kuyambira kudambo kuja, milomo ikungonjenjemera. Ngati pali chimene ukudziwa, chimeze. Nkhani iyi ndi ya akuluakulu. Bambo ako alamula kale pamaso pa anthu, ndiye ukufuna abweze mawu awo pamaso pa tenanti? Mawa adzawamvera ndani pakhomo pano? Matenanti amabwera n'kupita, chaka chamawa kudzabwera ena. Koma iwe kwanu n'kuno, ndipo mtsikana akadziwika kuti amatsutsa bambo ake pagulu, mbiri imeneyo imamutsata mpaka kubanja.

"Komanso uganize bwino. Ukanena kuti chitinicho ukuchidziwa, anthu sadzati tenanti ndi wosalakwa ayi. Adzati mwana wa a Mphepo anaphunzitsidwa ufiti. Ukudziwa mmene amakhalira ana oterewa? Kuchitsime anzako adzayamba kukupatukira. Kusukulu sudzapeza wokhala naye padesiki. Amayi ako akagona pamzere masiku atatu kuti iwe udye, ndiye abwere adzapeze zimenezo? Ine ndimakukonda, mwana wa mchimwene wanga, n'chifukwa chake ndikuti tseka pakamwa. Mawa anthuwa apita, dzanja liphwa, nkhani itha."

Ezelina anadikira mpaka azakhali ake atamaliza, monga mwana woleredwa bwino.

"Ndamva, azakhali," anatero. "Koma chitinicho n'changa."

Anabwerera pakhonde, n'kugwadanso, n'kunena mawu omwewo mokweza kuti asawabwezenso. "Ababa, chitini chija n'changa. Ndinamanga ndine, ndinabisa ndine. A Chikhumbo sakudziwapo kanthu."

A Mphepo anatulutsa dzanja m'beseni. "Ukuti chiyani?"

"Kachule kaja ndinakapeza m'chulu m'mawa uja. Ndimafuna ndikaonetse anzanga kukalabu Lolemba. A Benjamin anandiuza kuti n'koopsa ndipo ndikabwezere, koma ine sindinamvere."

"Akunama!" anatero a Elube. "Akuwaikira kumbuyo chifukwa Fainala amamuluka tsitsi."

Ezelina anamasula chitenje chake n'kuchitambasula. Kansonga kamodzi kanali kong'ambika. Anatenga kansalu kaja, kamene a Elube anabwera nako atakabaya kukamtengo poopa kukakhudza, n'kukaika pamalo pake. Maluwa a chitenje anakumana ndendende.

"Chabwino, nsalu ndi yako," anatero a Elube. "Koma chule wotere ine chibadwire sindinamuonepo m'dambo lathu lija. Wakupatsa ndani?"

"Simunamuonepo chifukwa amabisala, ndipo zaka zonsezi chulu chimenechi sitinkachigumula. Tiyeni mukaone nokha. Koma a Chikhumbo abwere nawo. Mlandu anaumva, amvenso mathero ake."

7. Pachulu

Anatsikanso kudambo onse, a Mphepo atanyamula dzanja lotupa pachifuwa. A Chikhumbo ankabwera pambuyo patali.

Ezelina anasankha mbali ya mthunzi, kufupi ndi nthochi, n'kuyamba kukumba. Chibuma choyamba chinagwa, munali chiswe chokha. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu, chachinayi, palibe.

"Tikhala pano mpaka mvula igwe," anatero a Elube.

Ezelina anagwada n'kugunda chulu ndi mpini wa khasu, apa ndi apo, kumvetsera pamene pakumveka mphako. Atapapeza anatema kamodzi mwamphamvu. Chibuma chinang'ambika, ndipo m'kati munali tiachule tiwiri takuda ta mizere yofiira, titapanikizana pamalo onyowa. Kachitatu kanatulukira m'kauna kena, kakuyenda mosafulumira ngati kuti palibe chachitika.

A Elube analumphira kumbuyo.

"Kwawo n'kuno," anatero Ezelina. "Tiachuleti timadya chiswe, ndipo tikudikira mvula kuti tikaswane m'zithaphwi. Poizoni wake ali pakhungu. Wakupwetekani chifukwa munakafinya muli ndi mabala a tsekera. Akanakagwira a Chikhumbo ndi mabala omwewo, akanatupanso iwo. Sikasankha munthu, ndipo palibe amene angakatume."

Atatero anakokera dothi lonyowa pamphakopo ndi khasu, n'kuphimbapo ndi masamba a nthochi.

Manyazi anawagwira a Mphepo, ndipo ankaoneka pankhope. "Iwe, za kusamvera kwako tikamba amayi ako akabwera," anatero kwa Ezelina. Kenako anatembenuka. "A Chikhumbo, ndinalakwitsa. Kamasuleni katundu. Nkhani yatha."

A Chikhumbo anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Yatha kwa inu, bwana," anatero. "Ine ndakhala nanu zaka zitatu. Nkhokwe yanu ndailonderapo inu muli ku okushoni kukagulitsa fodya, chitsononkho chimodzi sichinasowe. Lero ndalumbira pa ana anga, simunandimve. Achule atuluka m'chulu, mwamva."

A Mphepo anayang'ana pansi.

"Kutupako kwafika pachigongono," anapitiriza a Chikhumbo. "Njinga simungaigwire. Tiyeni ndikupalaseni kuchipatala asanatseke. Zoti tikhala kapena tipita, ndikuyankhani mawa tikaweruka kutchalitchi."

Anthu a m'mudzimo anaona zachilendo madzulo amenewo: tenanti wothamangitsidwa akupalasa njinga pamsewu wafumbi, bwana wake ali pakaliyala, dzanja lili m'mwamba.

8. Mfundo ya chitenje

Ezelina anasamba m'manja ndi sopo n'kupita kukanyumba ka matenanti. Mtima wake unali utapepuka. Ankaona kuti chovuta wachita kale, chatsala n'kuthandiza kubwezera mapoto m'malo mwake.

"Odi, amayi."

A Fainala anali atakhala pamphasa yokulunga, pafupi ndi mtolo wa katundu. Ana awo anali atawatsamira.

"Ndanena zoona, amayi. Ababa avomera kuti analakwitsa. Simukupitanso. Bwerani ndikuthandizeni kumasula."

Anagwada n'kugwira mfundo ya chitenje. A Fainala anaika dzanja lawo pamwamba pa lake.

"Usamasule."

"Koma amayi, nkhani ija..."

"Ndamva kuti wanena, ndipo wachita bwino. Ambiri sakananena." A Fainala anamuyang'ana m'maso, mosakwiya. "Koma unali pomwepo pamene ankatitchula afiti. Unali pomwepo pamene amuna anga ankalumbira. Ndamanga mapoto onsewa mwana wanga akundifunsa kuti talakwa chiyani. Nthawi yonseyo umadikira chiyani?"

Ezelina sanafune kunamanso tsiku limenelo, ngakhale mwa kukhala chete.

"Ndimaopa, amayi. Pepani."

"Iwe waopa maola awiri, uli pakhomo pa bambo ako," anatero a Fainala. "Ife timaopa chaka chonse."

Anachotsa dzanja la Ezelina pamfundopo mofatsa, n'kuikokanso kuti ilimbe. Ezelina anakhala pansi pambali pawo, ndipo iwo sanamuthamangitse. Mawa lake linali Lamulungu, tsiku limene lole ya esiteti ina ya ku Kaluluma inkadutsa pamsewu masana, kufuna matenanti atsopano.